Bowo pa Khoma la Adona

Kasupuni kopindika kaja ndikadali nako. Ndi kamene ndinabowolera khoma la nyumba ya eni ake, pa holide yaitali ya chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Amayi ankasamalira mzungu wina wokalamba, amene tinkangowatchula kuti Adona, m'nyumba yamakedzana kuseri kwa tawuni ya Romford, kutsidya kwa nyanja, kumene basi imathera. Wondisiyira kunalibe, choncho ankanditenga. Adona analola, koma ndi lamulo limodzi, ndipo Amayi ankalibwereza m'basi m'mawa uliwonse: "Usakhudze kanthu, wamva? Ejensi yondilemba ntchito ikamva, shifiti yanga yatha."

Nyumbayo inali ya mitengo yakuda bii, yolumikizidwa ndi zikhomo zamtengo, popanda msomali. Pakati pa mitengoyo panali makoma oyera a njereza. Chipinda chapamwamba chinatulukira kunja ngati mimba, ndipo pansi panali popendekeka moti mabo ankadzigudubukira okha mpaka pakona. Alendo ankaima pageti n'kumajambula. Ine ndinkaida. Inkanunkha utsi wakale, ndipo munalibe mwana wina. Ndinkakhala m'kanjira ka kuseri kwa khitchini, kuwerenga zikhomo, kumvetsera mapazi a Amayi pamwamba.

Tsiku lina ndinapeza kamng'alu pa njereza. Sindinali mwana wopulupudza, kusungulumwa ndi kumene kunagwira supuni. Ndinatokosa, ndinatokosanso, mpaka chibuma chinagwa, phu! Mkati munali timitengo tolukana, dothi louma, udzu ndi ubweya.

Amayi atatsika ndi thireyi anaima. Ndinkadikira khofi la patsaya. Iwo anagwada, nalowetsa chala m'bowomo, n'kununkhiza.

"Mbaliro izi," anatero motsitsa. "Ndi ndowe zomwe. Kani azunguwa nawonso ankaphoma?"

Anavula magolovesi, natuluka kukakumba dongo kuseri kwa dimba. Analikanda m'beseni ndi udzu wouma, n'kuyamba kumata ndi manja, kuponya ndi kusalaza, ngati munthu amene sanasiyepo. Lero ndikudziwa kuti nyumba zotere sizikonzedwa popanda chilolezo cha boma, ndipo Amayi akanatha kuchotsedwa ntchito chifukwa cha chigamba chawo kuposa bowo langa. Iwo sankadziwa. Kwathu khoma likagumuka sufunsa munthu, umangomata.

Adona anachiona chigambacho patapita masiku atatu. Anachisisita, nafunsa Amayi kuti anaphunzira kuti, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Koma chimene chimandibwerera ndi tsiku lomata lija. Bowo litatsekeka, Amayi sanachotse dzanja pakhoma. Anakhala chogwada nthawi yaitali, misozi ikugwera m'beseni. Ndinkawauza m'Chingerezi kuti sindidzachitanso, kuti ntchito siitha. Patapita zaka m'pamene amalume anandiuza kuti nyumba ya Amayi ku Ntchisi, imene anaimata okha ali ndi pakati panga, inali itagwa ndi mvula ya chaka chomwecho, popeza panalibe woimata.

Ine ndinangowapatsa tishu kuti apukute manja, ndipo ndinadabwa kuti sakufuna kusamba m'manja.