Zenera Limene Bambo Anaika Okha

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, bambo anga ankayendetsa chikhatho m'mphepete mwa zenera la kuchipinda kwawo, pamene felemu imakumana ndi khoma. Chikhathocho chinkabwerako chonyowa. Ankachipukutira pabuluku.

Bambo anakhala mmisiri womanga nyumba zaka makumi atatu. Nyumba za eni ankamanga levulo yoyezera ili m'manja, koma yathu ankaimanga Loweruka lokhalokha, atatopa kale, poyeza ndi maso. Pazenera limenelo simenti yapansi inapendekera m'kati m'malo mwa kunja. Mvula ikawomba, madzi ankatsetsereka pagalasi n'kulowa kunsi kwa felemu, khoma n'kumamwa. Nyengo yozizira mphepo inkadzera pomwepo. Penti anamatuka, nkhungu yakuda inatsika mpaka kumutu kwa bedi.

Kenaka amayi anayamba kutsokomola. Anamwino anawauza kuti chifuwa chotero sichingathe m'chipinda chachinyezi. Bedi analibe kwina kosunthira, chipindacho n'chaching'ono. Ine ndinatseka mpatawo ndi sanza ndi mapulasitiki, koma madzi ankapezabe njira.

Apa n'kuti dzanja lamanja la bambo litafa ndi sitiroko. Amayi anawapempha kuti tiitane a Changu, mmisiri wa kuseri kwathu, amene bambo ankawaseka moyo wawo wonse.

"Ameneyo? Makoma ake amachita kuwerama ngati akupereka moni."

"Khoma lanu ndiye likulira misozi, abambo ake," anatero amayi, chifuwa n'kuwadula mawu.

Masana a tsiku lina bambo anakanda simenti ndi dzanja lamanzere, n'kutuluka nayo kuseri kwa zeneralo. Ndinkawaonera pachingwe choyanikira zovala. Akati amate, simenti inkagwa pansi. Kachitatu chinagwa ndi chipande chomatiracho. Anakhala pandowa, akuyang'ana dzanja lawo lija lili lende. M'nyumba amayi anatsokomola nthawi yaitali, mpaka tinamva bedi akugwedezeka.

"Ndinaona tsiku lomwe ndinaika zenerali kuti simenti yapendekera, mwanawe," anandiuza osandiyang'ana. "Ndinati ndikonza sabata yamawa. Iwe unali usanabadwe."

Ndinatola chipande n'kukachitsuka simenti isanaume.

Kutacha anavala jekete yawo yakutchalitchi, n'kuuyamba ulendo akukoka mwendo. Anafika pageti pa a Changu n'kuima pamenepo. Anthu opita kuntchito ankawalambalala. Panapita nthawi ndithu asanaodire.