Laputopu ya a Mwetulirani

Bambo anga ndi wojambula zithunzi. Mumsewu wathu amawatchula kuti a Mwetulirani, chifukwa ndi mawu amene amakalipira nawo makasitomala, chikhalirecho eniakewo kumwetulira n'kwa apo ndi apo. Situdiyo yawo ndi kachipinda ka nsalu yabuluu, mpando umodzi ndi maluwa apulasitiki amene agwiridwapo ndi mkwatibwi aliyense wa m'dera lino.

Chaka chino anthu anayamba kubweza zithunzi. Mkwatibwi wina anatuluka nkhope ili mbuu ngati wagwera mu ufa. Bambo anati vuto ndi laputopu yakale, galasi lake lachita chifunga. Makasitomala ankathawa, ndiye ndinaperekeza bambo kukagula laputopu ina situdiyo isanatsekedwe.

Ndinalapa! Ogulitsa akayamba kufotokoza za liwiro ndi malo osungira zithunzi, bambo ankangotulutsa fulashi yosungiramo zithunzi m'thumba la malaya. Munali chithunzi chimodzi basi: malemu mayi ataima pakhonde, atavala diresi lobiriwira. Ankachitsegula palaputopu iliyonse, n'kuweramira mpaka mphuno kugunda galasi, kenako n'kupukusa mutu. Iyi akuti yachikasu. Iyo yamdima. Ina akuti yawakalambitsa mayi. Tinazungulira mashopu mpaka nsapato kundidya, ine ndikupepesa ogulitsa kumbuyo kwawo. Ndinakwiya, ndinafuna kungowasiya pamsewu pomwepo.

Pashopu yomaliza mtsikana wogulitsa anatiyatsira yabwino zedi. Mayi anaoneka ngati alankhula, mpaka kachipsera kawo ka pachibwano. Koma bambo anamuuza kuti awonjezere kuwala. Mtsikanayo anati kwafika kale pamapeto. Bambo anamuuza kuti apukute galasi, iye anapukuta, iwo n'kumati lidakali ndi fumbi.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwazazire, koma ndinaona akutikita maso. Anatsinzina lamanzere, kenako lamanja. Apo m'pamene ndinawayang'anitsitsa: maso onse awiri anali atayamba ng'ala.

"Iwe," anandinong'oneza, "diresi la mayi ako ukuliona lotani?"

"Lobiriwira, ababa. Monga analili."

Anaweramiranso pagalasi. "Ine ndikungoona utsi."

Tinagula yomweyo. Za kuchipatala akuti tiona, makani awo ndi osayamba. Masiku ano palaputopu ndimakhalapo ndine, iwo ali pambali panga kundikalipira kuti ndisamayeretse anthu, munthu wakuda azituluka wakuda. Ndimatopa nawo kwabasi. Koma tikamatseka madzulo amandiuza kuti nditsegule chithunzi chija, n'kundifunsanso mtundu wa diresi.