Njinga Imene Ndinaibweza pa Geti

Lamlungu lapitali ndinalowa mu holo ya tchalitchi chathu ku Katondo ndi mapepala atatu m'thumba la jekete. Ndinawerenga awiri. Pepala lachitatu ndinabwerera nalo kunyumba, ndipo mpaka lero likundiyang'ana patebulo.

Tinali kutsanzikana ndi Amai Daka, amene apuma pa ntchito yotsogolera bungwe losamalira odwala m'makomo. Komiti inasankha ine kuti ndiwerenge mbiri yawo. Musadabwe. Sukulu ndinalekera panjira, koma chifukwa ndimayenda ndi buku m'khwapa ngakhale pokagula tomato, anthu amanditenga ngati wophunzira. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Mkazi wanga amati mabuku ndiwo mkazi wamkulu, iye anangobwera kudzathandiza.

Lachitatu la sabata yatha ndinapita ku ofesi ya bungwelo kukatenga mfundo. Chanda, mtsikana amene walowa m'malo mwa Amai Daka, anandipatsa fayilo yonenepa. "Ba ankolo, vonse vili apa, mukope chabe," anatero.

Zinalimodi. Anayamba ngati wodzipereka wamba, wopanda malipiro. Kenaka anayang'anira anzawo a ku Katondo ndi ku Chililalila. Pambuyo pake anakhala dailekita, wa ofesi ndi chidindo, woitanidwa kumisonkhano ku Lusaka, ndipo ophunzira a ku yunivesite ya Mulungushi ankabwera kudzamvera zonena zawo. Ndinayamba kale kusankha mawu akuluakulu oti ndikagwedeze nawo holo.

Ndiye Amai Daka eniake analowa, akukoka mwendo pang'ono. Titapatsana moni anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nafunsa akumwetulira: "A Mwale, ka mpata kaja ka kumbuyo kwa nyumba yanu kakaliko?"

Chanda sanamve kanthu. Ine ndinamva zonse.

Zaka zija maliro ankatuluka mumsewu uliwonse, mng'ono wanga Lazaro, amene ankagwira ntchito ku njanji monga atate athu, anabwera kudzagona kwathu ataonda mpaka lamba kusowa bowo. Nthawi imeneyo Amai Daka anali mai wa m'kwaya chabe, woyenda pa njinga yakuda yokhala ndi beseni lobiriwira pa kaliyala. Katondo yense ankaidziwa njingayo. Ikatsamira pa geti la munthu, anthu sankafunsanso kuti m'nyumbamo mwalowa matenda anji.

Tsiku loyamba limene anabwera, ndinawachingamira pamsewu asanatsike n'komwe. Ndinawapempha mwaulemu wonse, manja kumbuyo ngati mphunzitsi wamkulu, kuti njingayo azikaisiya kumsika kwa mai wogulitsa tomato, iwo azidzera kanjira ka kuseri n'kulowera pampata wa mpanda wa mitengo. Ndinati ndikuteteza dzina la banja.

Sanatsutse. Anangofunsa ngati pampatapo beseni lingapite.

Miyezi yonse imene Lazaro anagona, mai wamkulu ameneyu ankawerama pampata paja, minga ikukola chitenje, beseni lili patsogolo. Ankamusambitsa, kumutembenuza kuti zilonda zisakule, kumumeta ndevu, n'kuphunzitsa mkazi wanga kaphikidwe ka phala lansinjiro loti lidutse pakhosi potupa. Ine ndinkakhala pakhonde la kutsogolo ndi buku, kulondera geti.

Pamaliro ndinalengeza kuti mng'ono wanga wapita ndi chibayo. Ndinathokoza abambo mfumu, akuluakulu a ku njanji, a kwaya, ngakhale mwini lole imene inanyamula nkhuni. Amai Daka anali kuseri akutsuka mbale, ndipo dzina lawo silinatuluke pakamwa panga.

Zimenezi ndizo ndinalemba pa pepala lachitatu.

Lamlungu ndinawerenga maudindo awo onse, anthu n'kumaomba m'manja. Mawu anga a m'mabuku anagwira ntchito, moti mai wina anaimba nthungululu pa liwu limene ngakhale ine ndinalipeza m'dikishonale dzulo lake. Nditatembenuza pepala, maso anga anagwera pa Tisa, mwana wa Lazaro, atakhala pakati pa apongozi ake. Ndinaonanso aneba anga akale. Ndinapinda pepalalo, ndinati zikomo, ndinakhala pansi.

Kenaka Chanda anapempha kuti mabanja amene Amai Daka anawasamalirira wodwala aimirire. Anaimirira ochepa kwambiri. Ine ndinapeza chochita ndi chingwe cha nsapato. Ndili choweramira choncho ndinaona kuti sindili ndekha: mzere wathu wonse unali ndi nsapato zovuta tsiku limenelo, ndipo ambiri mwa iwo ndikudziwa mageti awo.

Kodi ife tili ndi vuto lanji? Munthu akakwera, timakonda kutchula mpando wake. Dailekita, wapampando, mlendo wolemekezeka. Timamugulira chitenje, timajambulitsa naye. Koma ntchito imene inamukweza pampandopo timaikwirira, chifukwa inachitikira m'zipinda zathu, pa mphasa zathu zonunkha, masiku amene sitifuna kukumbukira. Kumuyamika moona kukufuna kuti tiulule kuti tinali osowa chogwira. Ndiye timayamika ofesi.

Mungati palibe chaonongeka, popeza mai anaomberedwa m'manja ndithu. Koma mverani zimene Chanda anandidandaulira tikutuluka. Akuti achinyamata amabwera ndi makalata ofuna ntchito ya pa kompyuta ndi maulendo a ku Lusaka, koma akamva zosambitsa nkhalamba yakufa ziwalo ku Chililalila, foni imayamba kusagwira. Ndiwadzudzule bwanji? Mbiri imene ndinawawerengera ine inali ya mipando yokhayokha. Beseni ndinalisiya m'thumba la jekete.

Lolemba ndinapita kwa Tisa ndi pepala lija. Ndinazungulira nkhani ngati minibasi yosaka anthu, mpaka iye anandilanda n'kuwerenga yekha. Atamaliza anandiyang'ana ndi chisoni chimene munthu amamvera nkhuku yonyowa.

"Atate aakulu, ni imwe chabe mwasala mubisa. Apongozi anga ninawauza nikalibe kukwatiwa."

Anandiululiranso chinthu chimene mabuku anga onse sanandiuze: mai wa tomato uja ankauza aliyense wofunsa kuti mwini njinga ali kwa a Mwale. Ndiye kuti miyezi yonse ija Amai Daka ankakwawa pa minga kuti asunge chinsinsi chimene msika wonse unkachidziwa. Iwonso ankadziwa zimenezo. Ankakwawa kuti ine ndisawatsekere chitseko cha kwa Lazaro.

Tisa wandilola, choncho ndilembe pano zimene ndinalephera kunena mu holo. Mng'ono wanga Lazaro anamwalira ndi Edzi. Anapita ali woyera thupi, wometedwa bwino, akuitanidwa ndi dzina lake, chifukwa cha Amai Daka. Udailekita unabwera pambuyo.

Dzulo ndinapita kwa Amai Daka kukawaitanira tiyi kunyumba kwanga. Ndinakonza mawu ambiri opepesa, koma anandidula ndisanafike pakati. Anati njinga ija inatha kalekale, ndipo maondo sakuwalolanso kuwerama, choncho adzabwera pa takisi Loweruka.

Atandiperekeza mpaka pamsewu, anandigwira mkono.

"Manje a Mwale, muniuziretu. Nizangenera kuti?"

Geti ndalipaka kale mafuta kuti lisalire. Koma mwina ndalakwitsanso. Likanalira ndithu, kuti msewu wonse utuluke udzaone.

Nanga inu, amene munali nane pamzere wa nsapato zovuta, njinga ija munkaiimika kuti?