Dzanja la Ababa

Ndikukumbukira khonde la golosale ina ku Katuli, pomwe ababa ankasokera zovala. Pankanunkhira mafuta a makina ndi nsalu zatsopano, ine ndili pansi kutola tizidutswa tovekera zidole zanga.

Ndili Sitandade 5, dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Ulusi unkakana kulowa pa singano. Nkhope inauma, kuseka kunatha, ndipo poyenda ankakhwekhwereza mapazi. Anthu ankanong'onezana kuti atelala anzawo awalodza. Kenaka panabwera china: ukangowakhudza pachikhatho, zala zinkafumbata zokha osafuna kutseguka. Amayi ankawaseka kuti akanamagwira khasu choncho, bwenzi nkhokwe itadzaza.

Pa chikondwerero cha Idi cha chaka chimenecho ndinavala diresi yomwe ababa anavutika nayo poisoka milungu itatu. Inali yobiriwira, yokhota m'munsi, mkono wina wautali. Mnzanga Patuma ndi atsikana ena atabwera kudzanditenga, ndinaona akutsinana. Tili pafupi kunyamuka, ababa anandiitana kuti andipatse switi. Polandira ndinawakhudza pachikhatho, basi gwi! Dzanja lawo linali lozizira, lathukuta, ndipo mkono wanga unayamba kunjenjemera nalo limodzi. Anzanga anaphulika kuseka.

"Ndisiyeni, ababa! Mukundichititsa manyazi!"

"Si ine, Asiyatu," anatero ndi mawu otsika. "Ndi dzanjali."

Sindinawakhulupirire. Ndinakanula zala zawo chimodzichimodzi nkuthawa. Kuyambira tsiku limenelo, kapu ya tiyi kaya sizasi ndinkangoziika patebulo, osawapatsanso m'manja. Iwo ankaziona zimenezi. Anamwalira ndili Fomu 1.

Chaka chatha ndinaperekeza bambo aang'ono kuchipatala ku Mangochi, nawonso atayamba kunjenjemera. Dokotala anawagogoda pamphumi ndi chala, maso nkumangophethira osaleka. Atawasisita pachikhatho, zala zinafumbata.

Dokotalayo anatifotokozera kuti ubongo umapanga mankhwala ake otchedwa dopamini, othandiza thupi kuyenda bwino. Akagwira ntchito amaphwanyika nkusiya zotsalira, zomwe akatswiri amatha kuyeza m'madzi a mumsana, ndipo pa matenda amenewa zimapezeka zochepa. Anati kwa odwala ena thupi limabwerera ku zomwe limachita paukhanda, monga khanda limafumbatira chala cha mayi ake losadziwa.

Ndinatuluka panja ngati ndikukayankha foni. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango nkulira.

Masiku ano tikudziwa kuti ndi matenda, osati kulodzedwa, ndipo mapiritsi akapezeka amachepetsako kunjenjemera. Bambo aang'ono amakwanitsa kumanga okha mabatani a mkanjo, adzukulu awo nkumawadikira modekha chifukwa tinawauza chomwe chikuchitika. Ine panalibe wondiuza, ndipo ndinali mwana. Zonsezo ndimazidziwa. Koma munthu mmodzi anandiuza zoona tsiku la Idi lomwe lija, ndipo anakhala ndi moyo zaka zina zinayi, m'nyumba imodzi ndi ine, ine osawapepesa.