Tsiku Limene Ndinazira Mbaula ya Sukulu

Uthenga wa ntchito imeneyi anandibweretsera ndi mlamu wanga Lusiya, amene amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa ku Insaca. Anandipeza kumunda ndikukumba chinangwa. Njinga anangoigwetsa m'mizere, ali wefuwefu.

"Mlamu, siyani khasulo! Kusukulu akufuna mayi wachiwiri wophika phala la ana. Ndamva ndi makutu angawa kwa akazi a Diretori akugula tomato. Thamangani ena asanakutsogolereni!"

Ine ntchito yolembedwa ndinali ndisanagwirepo chibadwire. Tinabwerera kuno kuchokera ku Malawi ndili kamtsikana, nkhondo itatha, ndipo sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu. Bambo a ana anga ankapalasa njinga kunyamula nsomba za kunyanja ya Amaramba, koma chaka chimenecho bondo linawakhazika pansi, ana anayi akutiyang'ana pakamwa. Ndinagwada pamzere pomwepo, ndinati Ambuye, ngati khomo ili mwatsegula ndinu, ndilowetseni. Ndinatsuka mapazi pachitsime, ulendo wakusukulu.

A Diretori, ndiye kuti mkulu wa sukulu, sanandibisire kanthu. "Mayi, tikukulembani moyembekezera. Tamanga mbaula yatsopano yosadya nkhuni zambiri. A ku adiministrasau, akuluakulu a boma aja, akabwera n'kuona ndi maso awo kuti ikupulumutsadi nkhuni, atimangira yachiwiri, ana a masana nawonso azidya phala, ndipo inu mudzakhala. Akapanda kukhutira, tibwerera pamafuwa, ndipo pamenepo Abiti Saidi, wophika wathu wakale, amakwana okha."

Ndinavomera ndi manja awiri. Pobwerera kunyumba ndinkaimba ndekha m'njira ngati wopenga.

Ndikufotokozereni mmene mbaulayo inabwerera, pakuti ambiri amandifunsa. Kale mwana aliyense ankabwera m'mawa ndi chikuni chake paphewa. Mitengo itatha pafupi, ana ankayamba apita kutali, n'kufika m'kalasi dzuwa litakwera, ena zala zitatemeka ndi katana, chikwanje chija. Makolo ndi aphunzitsi osankhidwa kuyang'anira sukulu anakhala pansi. Sanathamangire kukapempha kuboma ayi. Anayamba ayang'ana mwezi wathunthu kuti mafuwa akudya mitolo ingati, ndi ana angati amene akuchedwa chifukwa cha nkhuni. Atatero anagawana katundu. Njerwa anatola za kalasi yakale imene inagwa ndi mvula. Amayi anatuta dothi la pachulu ndi mankhusu a mpunga. Makolo amene ndi asodzi anasonkha nsomba zouma, zinagulitsidwa, n'kugula simenti ndi chumuni cha malata. Kumzikiti analengeza Lachisanu, kutchalitchi Lamulungu. Ndi pamene anapita kuboma, osati chimanjamanja, koma kukanena kuti yoyamba tamanga tokha, bwerani mudzaone, yachiwiri muike mu pulani yanu.

Wotsogolera omanga anali a Kasimu, mmisiri wa kuboma amene makolo anamupempha, ife tinkangoti a tekiniko. Mbaulayo inali ngati nkhokwe yaifupi ya njerwa. Mphika waukulu wachitsulo unkalowa m'kati mpaka m'khosi, n'kusiya kampata ka chala kuzungulira kuti moto uzinyambita m'mbali. Kutsogolo kunali kakhomo ka nkhuni, kumbuyo chumuni chotulukira padenga. Dothi lija analisakaniza ndi mankhusu kuti kutentha kusamathawe. Inauma milungu itatu, a Kasimu akuyatsamo okha timoto tating'ono kuti isang'ambike. Ife ophika anatiphunzitsa za nkhuni: kuwaza ndi nkhwangwa zikhale zopyapyala ngati dzanja la mwana, kuziumitsa pathandala, kulowetsa zitatu zokha, n'kumazikankha pang'onopang'ono nsonga zikamapsa. Anati mphika woyamba wa phala tidzauphike pamaso pa alendo.

Abiti Saidi, mayi wachikulire wa Chiyao amene anaphika pasukulupo zaka zambiri, maso ofiira ndi utsi, ankangoseka. "Tinkhuni titatu tiphike phala la sukulu yonse? Mwana wanga, imeneyo ndi mbaula yophikira tiyi wa a Diretori." Koma anali ndi mtima wabwino. Ndi iwo anandiphunzitsa kusungunula ufa wa soya m'ndowa ya madzi ozizira ndisanauthire mumphika, ndi kugwira mthiko wautali uja ndi manja onse kuti msana usapweteke.

Kutatsala tsiku limodzi kuti alendo abwere, mtima wanga sunkakhala m'malo. Ndinasesa khitchini kawiri. Ndinayang'ana mbaula ija, ndinaona kuti ndi yokhakhala, zala za amisiri zikuoneka m'dothi. Inu mukudziwa, kwathu kuno mlendo akamabwera mayi amazira nyumba. Ndinati alendo a boma adzaone chinthu chotuwa chonchi, ngati pasukulu pano palibe akazi? Ndinapita kudambo ndi ndowa, ndinatapa dothi lakuda lija lonona, ndinatenga ndi mwala wanga wokulungira. Ndinazira mbaula yonse mpaka inachita kunyezimira.

M'mbali mwake, pansi penipeni, panali bowo la makona anayi loti mkono n'kulowa. Ndinali nditaonapo khoswe akutulukamo. Ndinati apa amisiri njerwa zinawathera, manyazi otani awa. Ndinatola chidutswa cha njerwa, ndinatsekapo, ndinamata, ndinakulunga mpaka sipankaonekanso kuti panali kanthu. Kenaka ndinajambula timaluwa ta dothi loyera kuzungulira, ndipo duwa lalikulu kuposa onse ndinaliika pomwe panali bowo paja. Abiti Saidi anaima pakhomo manja ali m'chiuno. "Eee, mwaiveka ngati mkwatibwi!" Ndinapita kunyumba ndikudzimva.

Alendo anafika m'mawa pagalimoto: mayi wina wovala magalasi amene onse ankamutcha a shefi, ndiye kuti bwana, abambo awiri, ndi a Kasimu. Ana anaimba, makolo anadzaza pansi pa mtengo wa mango. Tinabwereka sikelo ya wogulitsa nsomba, ndipo nkhuni anaziyeza milu iwiri yofanana. Mulu wina wa Abiti Saidi, aphike panja pamafuwa. Wina wanga, ndiphike m'khitchini pambaula. Madzi ofanana, ufa wofanana.

"Konzekani kulira, mwana wanga," anatero Abiti akumanga chitenje.

"Tionana pa chipande, amayi," ndinawayankha, anthu n'kuseka.

A shefi atalowa m'khitchini anayamikira maluwa anga. Mtima unachita kudumpha. Ndinaika udzu wouma ndi tizitsotso, ndinakhwatcha machesi, ndinalowetsa nkhuni zitatu monga anatiphunzitsira. Moto unayaka pang'ono, n'kufooka. Ndinauzira. Unayakanso, n'kufookanso. Ndinatenga chivundikiro kupemerera. Utsi, m'malo mokwera kuchumuni, unayamba kubwerera pakakhomo, wakuda bii, kundimenya kumaso. Posakhalitsa khitchini yonse inadzaza. Alendo anayamba kutsokomola, a shefi anavula magalasi akupukuta misozi.

"Imeneyi ndiye mbaula yopanda utsi ija?" anafunsa mmodzi wa abambo aja, mpango uli pamphuno.

Panja moto wa Abiti unali lawilawi, phala lawo litayamba kale kuwira. Ana anali pamzere akugogoda makapu. Madzi anga ngakhale kufunda ayi. Ndinagwada pakakhomo paja ndikuuzira mpaka mutu unazungulira, mumtima ndikuti Yesu wanga, musandichititse manyazi, ana anga adya chiyani. A Kasimu anathyola chikuni kuona ngati n'chachiwisi. Chinali chouma. Anakwera padenga kusuzumira m'chumuni. Munalibe kanthu. Bambo wina wa kunyanja anakuwa ali panja: "Nsomba zathu zija zinapita pachabe! Mmisiri wake ndi ameneyu?" Ndinaona a Kasimu thukuta lili kamukamu, a Diretori atangogwira pakamwa.

A Kasimu anatsika, anayamba kuzungulira mbaula chowerama, akupapasa ndi dzanja. Anazungulira kawiri. Kenaka anaima.

"Bowo la mpweya lili kuti?"

Abale anga! Ndinayang'ana duwa langa lalikulu lija. Abiti Saidi anali atafika pakhomo ndi mthiko m'manja, ndipo anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kudziwa zonse.

"Mwina chiswe chamata," anatero Abiti mosaphethira. "Chiswe cha kuno n'cholimbikira ntchito."

A shefi anavalanso magalasi, anawerama pomwe a Kasimu ankaloza. "Chiswe chimenechi chimajambulanso maluwa?"

Zikanatheka kungokhala chete. Koma panja ankanyoza munthu wosalakwa, ndipo ine ndimapemphera. Ndinaimirira.

"Pepani a shefi, pepani a tekiniko. Chiswecho ndine. Ndinaona ngati ndi bowo la makoswe, ndiye ndinati alendo asalione. Ndinatseka dzulo pozira."

Ndinati basi, ntchito ija yathera pano. Kenaka a shefi anaphulika kuseka, kuseka kogwira m'mimba, mpaka kutsokomola kunawabwereranso.

"Mayi inu! Nanenso ndikanazira. Amayi anga akanamva kuti ndalandira alendo osazira, akanandithamangitsa ndi tsache." Anatembenukira kwa a Kasimu. "Munawauza ntchito ya bowoli?"

A Kasimu anakanda m'mutu. "Ndinauza omanga, a shefi. Ophika ndinawauza za nkhuni zokha."

"Tsegulani tione."

A Kasimu anandipatsa ine katana. "Mwatseka nokha, tsegulani nokha." Ndinagwada, ndinabaya pakati pa duwa langa, ndinakanganula chidutswa cha njerwa chija. Nthawi yomweyo ndinamva mphepo ikudutsa pa dzanja langa kulowa m'kati. Moto unangoti phuu, n'kuyamba kulira ngati chapa, minibasi ya kuno, ikukwera chitunda. Utsi wonse wa pakakhomo unatembenuka, ana panja anayamba kukuwa akuloza padenga: "Ukutuluka! Ukutuluka!" Ine ndinaimba nthungululu ndili chogwada, misozi ili mbwembwembwe, sindikudziwa ngati inali ya utsi kapena ya chimwemwe.

A shefi analamula kuti ana aang'ono alandire kaye phala la Abiti, pakuti njala sidikira alendo, ndipo nkhuni zanga aziyezenso tiyambe mwatsopano. Ndinakankha tinkhuni tanga titatu pang'onopang'ono. Madzi anawira msanga moti ndinachita kuthamangira ndowa ya ufa. Ndinatakasa ndi mthiko nditaima chilili, maso ali poyera, osatsokomola. Phala litapsa, mulu wa Abiti unali utatha wonse, wanga utangochepa mbali imodzi. Bambo wa kunyanja anakuwa uja anabwera yekha kudzanyamula zotsalazo, anaziika pasikelo, anayang'ana, anaziikanso kachiwiri. Kenaka anapita kukagwira chanza a Kasimu.

Abiti analawa phala langa ndi chipande, anatafuna ngati muli fupa. "Mchere wachepa," anatero. "Koma mawa pambaula ya mkwatibwiyi ndiphikapo ndine. Inu mukhale panja ndi utsi, mumve mmene ndakhalira zaka zonsezi."

Asanakwere galimoto a shefi anauza a Diretori kuti mbaula yachiwiri ndi mphika wake zilowa mu pulani ya boma. Anawonjezera kuti paliponse pomangidwa mbaula yotere pazikhala tsiku lophunzitsa ophika chibowo chilichonse ndi ntchito yake. "Ndipo mayi awa muzipita nawo, azikafotokoza okha za duwa lawo."

Zinachitikadi. Mbaula yachiwiri inamangidwa mvula isanagwe, ana a masana anayamba kudya phala, ndipo ine ndinalembedwa. Ana tsopano amabwera ndi chikuni kamodzi pamlungu, m'kalasi amalowa nthawi yake. Ndakwerapo chapa mpaka kumasukulu a ku Chiuta, ine wa kalasi yachisanu, kukaima pamaso pa makolo ndi aphunzitsi. Ndimawauza kuti yambani mwaona nkhuni zimene mukuwononga, sonkhani chimene muli nacho, kenaka kagogodeni kuboma muli ndi choonetsa. Ndipo pokonza mapulani anuwo, muitane mayi amene adzagwade pamotopo, akhale nawo kuyambira tsiku loyamba. Kwa amayi anzanga ndimati chinthu chimene sukuchidziwa ntchito yake usachikonze, yamba wafunsa, ngakhale funsolo lioneke lachibwana. Ndipo ukalakwitsa, nena msanga mnzako asanasenze mlandu wako. Amaseka kwambiri ndikafika pa chiswe, koma palibe amene anamatanso bowo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandichotsa manyazi tsiku limene ndinadziitanira ndekha. Inu amene mwawerenga mpaka pano, mukamagwada mutikumbukireko, ine, bambo a kunyumba ndi ana athu anayi. Mutchulenso Abiti Saidi, pakuti maso awo ayamba kuchita khungu, ndipo mthiko sakufuna kuusiya.