Ma Saidi a ku Chiuta

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha zala. Ndinkataipa makalata a anthu pakhonde la sitolo ku Balaka, zaka zija munthu osalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Tsiku lina a Jafali, mkulu wina wa kofia yoyera, anaima n'kumandiyang'ana. "Mwanawe, zala zimenezi ukuziwononga pano. Mawa ubwere."

Iwo ankagwira ntchito ku bungwe lina lolimbana ndi likodzo. Mu ofesimo munali kompyuta imodzi yokha, yofunditsidwa chitenje poopa fumbi. Alangizi a kunyanja ya Chiuta ankalemba dzina la wodwala, zaka zake ndi sikelo yake. Ine ndinkalowetsa zimenezo, pakati pake n'kuika mpatuliro, kachizindikiro kopumira kaja. Pulogalamu imene a Jafali analemba m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa BASIC ikaona mpatuliro inkadziwa kuti dzina latha, zikubwerazi ndi zaka, kenako sikelo. Sikeloyo ndiyo inkauza makina kuti munthu amwe mapiritsi angati. Ndinkawakonda mkuluyu, ngakhale ankanditcha Che Liwiro pondiseka.

Tsono ku Chiuta kuli ma Saidi ngati matemba. Mlangizi wina watsopano, pofuna kuwasiyanitsa, anayamba kulemba motere: Saidi, wa bwato lofiira. Mariamu, wa kuseri kwa mzikiti. Inenso n'kutaipa momwemo.

M'mawa wa ulendo wokapereka mankhwala ku Chiuta, makadi a odwala atasindikizidwa, dalaivala akuliza kale hutala, a Jafali anayang'ana khadi limodzi n'kufuula.

"Astaghfirullah, Mulungu atikhululukire! Mariamu uyu ndimam'dziwa, ndi nkhalamba yoonda ngati bango. Mapiritsi onsewa ndi a ndani?"

Makina aja anali atadula dzina pa mpatuliro woyamba, zonse n'kusendera kutsogolo. Zaka za mayiyo zinasanduka sikelo. Akanamwa mlingo wa chimphona, ana ena n'kulandira wosachiza kanthu. Uko anthu anali ataitanidwa kale, asodzi atasiya maukonde.

"Tingofufuta za mabwatozi, patsale dzina lokha," ndinatero.

"Iyayi! Ndiye Saidi uti amwe za Saidi uti?"

Anati dzina lililonse tilitsekere m'mitengero, tizizindikiro tija totsekera mawu olankhulidwa, kuti mpatuliro wa m'kati makina asauwerenge. Zinayenda ndithu, mpaka tinafika pa Amidu "Ng'ona" Bakali, amene dzina lake lomuseka linali kale m'mitengero. Makina anasokonekeranso. Ine misozi inali pafupi, koma a Jafali anaseka mpaka kofia kugwa.

"Anthu akwathu sadzatha, mwanawe. Yang'ana pamakinapo chizindikiro chimene munthu wa ku Chiuta sangachilembe ngakhale atalota."

Ndinaloza kamzere koimirira kamene sindinakagwirepo chiyambire. Iwo anasintha pulogalamu kuti izidula pa kamzereko basi, ine n'kutaipanso mayina onse, dalaivala akung'ung'udza pazenera. Khadi lililonse tinaliwerenga awiri mokweza. Galimoto inanyamuka dzuwa litapendeka.

Mawa lake dalaivala anatiuza kuti anthu anadikira ndithu, ena atakwiya, ndipo mayi Mariamu anadandaula kuti mapiritsi awo achepa poyerekeza ndi a anzawo. A Jafali anangoti, "Alekeni adandaule, ali moyo."

Ndagwira makina ambiri chichokereni ku Balaka. Mpaka lero ndisanasankhe chodulira, ndimayamba ndaona mmene eni ake amalembera. Dzina la munthu sindilidula kuti likwane m'makina.