Matumba a Pampanda

Fungo la simenti yonyowa limandibwezera ku Matundo, dera lathu la mumzinda wa Tete, ndipo limandibwezerako ndili ndi mpala. Tsiku lina m'chilimwe ndinakwera kamiyau, galimoto yaikulu ya katundu, yomwe inkatsitsa simenti pakhomo pathu, ndikudziyesa mwamuna, n'kumakankha matumba ondiposa kulemera. Ndinatsika ndili mbuu. Popeza ku Tete madzi sitiseweretsa, ndinathira kapu imodzi yokha pamutu, n'kufikisa bwinobwino, n'kukhala padzuwa kuti ndiume. Ndinaumadi. Amayi anathyolerapo chipeso, kenako anatenga lezala, ndipo kusukulu dzina langa linakhala Buloko.

Abambo anali oumba mabuloko. Anatsika kuchokera ku Angónia ndi chikombole chimodzi chachitsulo, nthawi imene malasha a ku Moatize ankakoka anthu ngati nyerere pashuga. Aliyense ankamanga. Bwalo lathu linali mizere yokhayokha ya mabuloko, ndipo ntchito yanga inali kuwathirira m'mawa ndi madzulo. Dzuwa la ku Tete limamwa madzi buloko lisanakhwime, ndipo buloko lotero limanyenyeka m'manja ngati chigumu.

Oumba onse a mumsewu wathu anali ndi mwambo umodzi. Thumba likatha, ankalikung'untha n'kulipachika pampanda wabango woyang'ana kumsewu. Wogula sankafunsa zambiri. Ankayang'ana pampanda, ndipo akaona matumba a kampani ina yaikulu, yomwe simenti yake inamanga pafupifupi mzinda wonse, ankalowa. Ine kuwerenga ndinaphunzirira pamatumba amenewo kuposa m'kalasi. Mpaka lero matendawo sanandichoke, ndimawerenga ngakhale pepala lokulungira nsomba.

Chilimwe chimenecho simenti ya kampani yaikulu inayamba kusowa. Ankati yonse ikuthera kumigodi ndi kunyumba zosanja za kutsidya kwa mtsinje. Abambo ankalawirira, kuwoloka mlatho pa minibasi yomwe tinkaitcha shapa, kukaima pamzere, n'kubwera dzuwa lili paliwombo manja ali lende, malaya atamatirira kumsana. Nthawi yomweyo makamiyau ena anayamba kubweretsa simenti yachilendo, yotsika mtengo, ya zilembo zopindikapindika zomwe zinandigonjetsa ngakhale ine katswiri wa matumba. Anthu ankaiopa. Ankati ndi phulusa lopaka dzina.

Oyandikana nafe anali a Zeka, Mnyungwe wanthabwala, nawonso oumba. Iwo anayamba kuumbira simenti yachilendoyo mwakachetechete, koma mpanda wao unkadzazabe ndi matumba a kampani yaikulu. Tsiku lina anasuzumira kwathu.

“Achimwene akumapiri, matumba akale aja mundigulitseko.”

“Thumba lopanda kanthu mukatani nalo, a Zeka?”

“Likagwira ntchito yomwe likugwira kwa inuyo. Kuima pampanda.”

Abambo anaseka pang'ono, koma sanagulitse.

Ntchito inachepa mpaka chikombole chinayamba dzimbiri m'makona. Amayi anayamba kunena za ku Ulongwe, kumudzi kwathu ku Angónia, kuti kumeneko munda ulipo ndipo mbatata ya kachewere sidikira kamiyau. Kwa ine kubwerera kumudzi kunali kusiya sukulu yanga ndi mzinda wokhawo umene ndinkaudziwa. Ndiye kunabwera mmisiri wina wa ku Chimadzi, amene ankamangira patarau wake, bwana womulemba ntchito, nyumba yaikulu. Ankafuna mabuloko odzaza bwalo lathu lonse mvula isanagwe. Amayi anati ntchito imeneyi ikatheka, tikhala.

Abambo anawolokanso mlatho kangapo osapeza kanthu. Pomaliza anagula simenti yachilendo ija. Anayamba aumba ochepa, ine n'kuwathirira ngati mbewu zapadimba. Atakhwima, ananyamula limodzi kufika paphewa n'kuliponya pamwala. Linalira ngati chitsulo, osasweka. Anaponyanso, osasweka. Tsiku limenelo anaimba nyimbo zakwao akusakaniza mchenga, ndipo bwalo linadzaza.

Kenako anachita chimene amayi anawachonderera kuti asachite. Anachotsa matumba akale onse pampanda, n'kupachika achilendo aja.

“Mungowasiya akalewo, ndani akufunsani?” anatero amayi.

“Mpanda umanena zimene zili m'bwalo,” anayankha abambo, akumanga chingwe.

Mmisiri uja anabwera m'mawa wina ndi kamiyau. Anaima pamsewu, maso ali pampanda. Abambo anamuponyera buloko pamwala paja, ndipo linalira monga kale. Iye analitola, n'kulikanda ndi msomali, n'kuligwetsanso yekha.

“Kulimba ndaona, madala,” anatero. “Koma patarau wanga sakafunsa kulimba. Akafunsa kuti simenti ya ndani.”

Kamiyau inatembenuka yopanda kanthu, fumbi lake n'kutera pamabuloko athu. Madzulo ake ndinatenga ndowa mwachizolowezi, koma abambo anati ndileke, akhwima kale. Mvula yoyamba inawapeza pomwepo, ndipo udzu unamera pakati pa mizere. Ogula ankafika pampanda, n'kupitirira. Pamapeto pake a Zeka anagula zonse pamtengo wachisoni, mabuloko pamodzi ndi chikombole, ndipo amayi anayamba kumanga katundu.

Masiku amenewo ndinkadana ndi simenti yachilendo ija. Ndinkati ndiyo yatithamangitsa. Nditakula n'kumawerenga manyuzipepala otolatola, ndinamva kuti makampani ankalimbirana msika, kuti yaikulu ija inadzatsitsa mtengo n'kudzazanso masitolo, ndipo kuti simenti imene anthu ankaitcha phulusa inadzamanga nyumba zambiri zomwe zilipobe. Anthu anadzaizolowera, koma ife tinali titapita. Abambo sanalakwitse simenti. Anangofulumira kunena zoona msika usanakonzeke kuzimva.

Tsiku lonyamuka, ndikudikira shapa pamsewu nditakhalira mtolo wa zofunda, a Zeka anatuluka akupukuta manja. Sanachite nthabwala. Anayang'ana kaye ngati abambo ali kutali, kenako anawerama.

“Mwanawe, ukadzabweranso ku Tete, udzapite ku Chimadzi ukaone nyumba ya patarau uja. Mabuloko ake ndi a abambo ako, onse. Mmisiri wake uja anadzawagula kwa ine dzana, n'kundiyamikira kuti simenti ya kampani yaikulu siinama.”